Usipa Umene Ntchentche Zinaukana

Ana anga, kwa zaka zambiri mwakhala mukundiseka kuti bambo wanu akalowa mumsika wa pa boma amadutsa nsomba zoyera zosanjidwa bwino, n'kukaima pa benchi pamene ntchentche zikuchita msonkhano. Amayi anu anatopa n'kunditsutsa, masiku ano amangondipatsa jumbo n'kumanditsatira patali ngati sakundidziwa. Chifukwa chake sindinakuuzenipo bwinobwino. Tsopano popeza ndapuma pa ntchito ndipo maso akadaona, ndati ndilembe. Nkhaniyi ikukhudza ntchito yanga ya mu labu, koma makamaka ikukhudza azakhali anu a Asiyatu, achemwali anga, amene mumawakumbukira atakalamba kale, akukugawirani zitumbuwa pa Idi. Simunadziwe kuti panali zaka zitatu zimene iwo sankayankha moni wanga.

Namwera, ndili ndi zaka 23

Ntchito yanga yoyamba inali pa kachipatala kena kumtunda kwa Namwera, pakati pa minda ya fodya. Ndinafika ndi sutikesi ya malata ndi satifiketi yothandizira mu labu, ndikudziona ngati munthu wamkulu kwambiri. Labu yake inali kachipinda kamene kale ankasungiramo matsache. Makina oonera tizilombo ta malungo anali a galasi lodalira dzuwa, kotero kukachita mitambo odwala ankadikira kuti kuyere. Timagalasi topakapo magazi tinkatitsuka n'kutigwiritsanso ntchito mpaka tichite zikande, ndipo firiji ya palafini inkazima mlungu uliwonse ngati ili ndi pangano ndi munthu. Mkulu wathu anali a Mbewe, munthu wamfupi wa ku Dedza, wosuta kaliwo, amene aliyense ankawatchula adokotala ngakhale sanali dokotala weniweni. Anali aukali pa zinthu zazing'ono, monga kufika mochedwa kapena kusapinda malaya, koma pa zinthu zazikulu ankadekha modabwitsa.

Mwezi wa nazale za fodya, anthu anabwera ndi bambo wina pa machira a njinga. Thukuta linali noninoni, dovu likutuluka ngati mwana wongomera mano, akusanza, minofu ya pankhope ikudumphadumpha. Abale ake anali atagamula kale kuti wachitidwa chipongwe ndi mnzake amene ankakanganirana malire a munda. Ine ndinathamangira kutenga kagalasi kuti ndiyeze malungo, chifukwa masiku amenewo malungo okha ndiwo ndinkawadziwa. A Mbewe anandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndiyambe ndayang'ana maso a wodwalayo. Timwana ta maso take tinali titachepa ngati nsonga ya singano. Kenako anandiuza kuti ndinunkhize malaya ake. Atafunsa mkazi wake, zinadziwika kuti bamboyo anasakaniza mankhwala opopera nazale ndi dzanja, ndipo pampu itatseka anaiuzira ndi pakamwa. A Mbewe anatsegula kabati imene makiyi ake ankayenda nawo m'khosi, natulutsa timabotolo ta atiropini tomwe ankatibisa ngati ndalama za maliro. Anamubaya, nadikira, namubayanso, mpaka dovu linauma ndipo chifuwa chinasiya kulira.

Madzulo ake anandifotokozera kuti mankhwala ambiri ophera tizilombo m'minda ndi m'nkhokwe ndi a banja limodzi, lotchedwa oganofosifeti, ndipo amapha mbozi ndi munthu mwa njira yofanana. Ananena kuti amene wagwa n'kubwera naye kuchipatala ali ndi mwayi, chifukwa timamuona. Amene ankawadetsa nkhawa anali awo amene amalowetsa pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, kudzera pakhungu ndi m'mphuno, osagwa. Ndinafunsa kuti nanga amenewo zimawathera bwanji. Anakoka kaliwo wawo n'kuyankha kuti sakudziwa, ndipo sakukhulupirira kuti alipo amene anavutikapo kukawafufuza. Ku Namwera ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi, ndinaona odwala otere ambirimbiri, ena tinawapulumutsa, ena atiropini anali atatha.

Pa boma, ndili ndi zaka 41

Nditazungulira zipatala zina ziwiri n'kukwatira amayi anu, ananditumiza ku labu ina pa boma ku Mangochi. Kumeneko ndi kumene kunatipeza Dokotala Nyirenda, mayi wamtali wa kumpoto, wophunzitsa pa sukulu ina ya ukachenjede, amene anabwera kudzachita kafukufuku wa funso lomwe lija a Mbewe analephera kuliyankha. Anali munthu wosaseka chisawawa, wolemba chilichonse m'kabuku, koma wolemekeza ngakhale wokolopa. Anandisankha kuti ndiziyeza magazi chifukwa ndimalankhula Chiyao komanso, malinga ndi iwo, dzanja langa silinkanjenjemera.

Anandiphunzitsa kuti m'magazi ndi m'mitsempha muli kanthu kotchedwa kolinesiterezi. Mtsempha ukauza mnofu kuti koka, kanthu kameneka ndiko kamabwera pambuyo kudzati basi, siya. Mankhwala aja amakamanga manja, ndiye thupi limangokoka osasiya, ngati alovi amene akukoka khoka popanda wowauza kuti nsomba zafika kale pamtunda. Tinali ndi kabokosi koyezera. Tinkabaya chala, dontho la magazi n'kulisakaniza ndi timadzi tobiriwira m'kachubu, kenako n'kuyang'ana wotchi. Ngati munthu ali bwino, mtundu unkasintha msanga kupita ku chikasu. Ngati mankhwala amulowa, mtundu unkazengereza. Ntchito imeneyi ndinaikonda kwambiri, chifukwa kwa nthawi yoyamba ndinkaona ndi maso chinthu chimene wodwala mwini wake sanachimve.

Kafukufuku ankafuna magulu awiri a anthu. Loyamba linali la alimi opopera fodya ndi thonje, ndipo amenewo tinawapeza mosavuta kudzera mwa alangizi. Lachiwiri linayenera kukhala la anthu osakhudzana ndi mankhwalawo n'komwe, kuti tiyerekeze magazi awo ndi a alimi. Apa ndi pamene panavuta. Munthu wodwala amapereka chala mosavuta, koma kupita kwa munthu wabwinobwino kukamupempha magazi, kwathu kuno, ndi kudziputira dzina la namapopa. Pa mudzi wina anatilandira bwino m'mawa, koma pofika masana galimoto yathu inachoka ndi galasi losweka. Dokotala anayamba kunena zobwerera ku tauni. Pamenepo ine, pofuna kuoneka munthu wofunika, ndinati kwathu kudoko, kupitirira Nkopola, kuli azimayi oyanika usipa amene sanagwirepo pampu yopopera chibadwire, ndipo sangandikane chifukwa ndine mwana wawo.

Ndiyenera kukuuzani kuti achemwali anga a Asiyatu anali ndani kwa ine. Makolo athu anamwalira motsatizana ine ndili sitandade 4, iwo ali mtsikana wongotha msinkhu. Anakana kuti atigawane kwa achibale. Analowa m'ntchito ya usipa, kugula kwa asodzi m'mamawa, kufutsa, kuyanika pa thandala, kulongedza m'matumba n'kugulitsa kwa ogula ochokera ku Limbe ndi ku Lilongwe. Yunifolomu yanga, fizi yanga ya sekondale, ngakhale sutikesi ya malata ija, zonse zinachokera pa thandala lawo. Ukwati wawo woyamba unatha chifukwa mwamunayo anati sangalere mlamu wodya mabuku. Pa doko lathu mawu awo ankamveka kuposa a amuna ambiri.

Nditawafotokozera za kafukufuku, sanafunse zambiri. Anasonkhanitsa azimayi anzawo pansi pa mtengo wa mango, nawauza kuti ngati ine Imedi ndine namapopa ndiye kuti anandilera ndi iwo, ndiyambe kupopa iwowo. Anakhala pa mpando, natambasula chala chawo kutsogolo kwa onse. Anzawo anaseka n'kufola pamzere. Dokotala anandiyang'ana ndi maso othokoza, ndipo ine ndinatupa ngati finye.

Koma pali chinthu chimene ndinkachidziwa ndipo sindinachinene. M'nyengo ya mvula usipa suuma bwino. Ntchentche zimaikira mazira, mphutsi zimabuka, ndipo umene wauma umafumbwa m'matumba usanapeze wogula. Ndinkadziwa kuti azimayi ena pa madoko amawaza mankhwala pa nsomba kuti zisaonongeke. Ndinali nditaonapo kabotolo kopanda chizindikiro katatsomekedwa kudenga kwa achemwali anga, ndipo fungo lake ndinalizindikira, linali lomwe lija la malaya a bambo wa ku Namwera. Ndinadziuza kuti mwina n'kophera nsikidzi. Kunena zoona, ndinkadziwa koma sindinkafuna kudziwa, ndipo ndinkafunitsitsa kuti Dokotala asabwerere ku tauni.

Mwezi wa Febuluwale, chaka chotsatira

Tinayeza magulu onse awiri kawiri, koyamba mvula isanagwe, kachiwiri pakati pa dzinja pamene alimi akupopera kwambiri. Ulendo woyamba zonse zinali monga tinkayembekezera. Ulendo wachiwiri, machubu a alimi ena anazengereza kusintha mtundu, zomwe sizinatidabwitse. Koma titafika kudoko kwathu, machubu a azimayi ambiri anazengereza kuposa a alimi. Ndinagwira kachubu ka achemwali anga m'dzanja limodzi, wotchi m'dzanja lina, nthawi inakwana n'kupitirira, timadzito tili tobiriwirabe. Ndinalemba zotsatirazo pa pepala.

Titabwerera ku labu, Dokotala anatseka chitseko n'kundifunsa modekha ngati mwina ndinasokoneza machubu, kapena ndinasiya timadzi toyezera padzuwa. Anati azimayi oyanika nsomba sangakhale ndi magazi oipa kuposa munthu amene amasenza pampu kumsana tsiku lonse, ndiye penapake palakwika. Anandipatsa mpata woti ndilankhule. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti mwina ndinasiyadi bokosi padzuwa. Bodza limenelo linatuluka mosavuta moti ndinadzidabwa. Iwo sanakalipe. Anangolemba m'kabuku kawo, n'kundiuza kuti zotsatira za kudoko azitaya, ndipo ntchito yoyeza aipereka kwa mnzanga wina. Ine ndibwerere ku makina a malungo.

Milungu itatu inadutsa. Anzanga a mu labu ankandiseka kuti Che Imedi anaphika mankhwala a azungu padzuwa, ndipo ine ndinkaseka nawo. Manyaziwo ndikanawapirira. Ndinkadziuza kuti ndateteza achemwali anga, ndabweza pang'ono zimene anandichitira. Koma pa swala iliyonse, ndikagwetsa mphumi pansi, ndinkaona kachubu kobiriwira kaja. Ndinali munthu yekhayo pa dziko amene ankadziwa zimene zinali m'magazi a achemwali anga, ndipo ndinali nditavomera kuti pepala lake litayidwe.

Lachisanu lina nditatuluka mumzikiti ndinakwera minibasi kupita kwathu. Ndinawapeza m'kanyumba kosungiramo nsomba, kopanda zenera, kamene m'dzinja ankagonamonso poopa akuba. Matumba anali atasanjidwa mpaka kudenga. Pansi panali beseni la madzi otuwa ngati mkaka, ndipo iwo ankaviika dzanja n'kumawaza pa usipa umene anauyala pa mphasa, kenako n'kuutembenuza ndi manja omwewo. Kunja kunali ntchentche zosaneneka, koma m'kanyumbamo munalibe ngakhale imodzi. Kunali kozizira tsiku limenelo koma iwo thukuta linali kamukamu. Atafuna kumanga thumba, ndinaona zala zawo zikulephera kulowetsa chingwe pa singano. Ndinayang'ana maso awo monga anandiphunzitsira a Mbewe, ndipo ndinaona zimene ndinkaopa.

Ndinawafunsa za thanzi lawo. Anati mutu ukuwawawa chiyambireni mvula, maso akuchita chifunga, m'mimba mukupotokola, koma zimenezo n'za ukalamba ndi BP, azimayi onse pa doko akudandaula zomwezo. Ndinawauza zonse, za kachubu, za bodza langa, za bambo wa ku Namwera. Anamvetsera osasiya kutembenuza nsomba. Anandifotokozera kuti poyamba ankagwiritsa ntchito ufa woteteza chimanga, koma utayamba kudula anapeza amalonda ogulitsa amadziwa m'timabotolo, otsala ku minda ya thonje, amphamvu kwambiri. Anati popanda zimenezo theka la matumba amene ndikuwaonawo likanakhala chakudya cha mphutsi.

"Ndiye ukufuna ukanene?" anandifunsa.

"Achemwali, mankhwalawa akukudyani. Ndiponso nsombazi akudya ndi anthu, ndi ana omwe."

"Nsomba amatsuka asanaphike. Iwe unakula ndi usipa womwewu, unafa? Azimayi aja anapereka zala zawo chifukwa cha ine. Ndinawauza kuti ndiwe mwana wathu. Ukakanena, wapha doko lonse, ndipo wayamba kupha ine."

Ndinawapempha kuti angosiya okha mwakachetechete, ine ndisanene kanthu. Anaseka pang'ono n'kundifunsa ngati ndingapite nyumba ndi nyumba kukauza azimayi makumi angapo kuti alole nsomba zawo ziwole pamene madoko oyandikana nawo akuwazabe. Ankanena zoona. Ndinachoka osamwa ngakhale madzi. M'minibasi ndinayesa njira zonse m'mutu, ndipo iliyonse inkathera pamodzimodzi: ndikakhala chete achemwali anga apitiriza kuviika manja m'beseni lija chaka ndi chaka, ndikalankhula ataya chuma chawo ndi ulemu wawo, ndipo ine nditaya iwo. Akuti chibale ndi fupa sichiola, koma tsiku limenelo sindinkadziwa kuti chibale chikundiuza kuchita chiti.

Lolemba m'mawa ndinagogoda pa ofesi ya Dokotala n'kuwauza kuti bokosi silinakhalepo padzuwa. Ndinafotokoza zonse ndili chiimire. Atamva anavula magalasi. Kenako anati ndawalakwira kawiri, poyamba powatengera kwa anthu amene ndinkawakayikira, kachiwiri powanamiza, ndipo lachiwirilo ndi limene lawapweteka. Anati maina a azimayiwo sadzawapereka kwa wina aliyense, chifukwa analonjeza. Koma anandiuzanso mosabisa kuti nkhani ya nsomba zothiridwa mankhwala sangaisunge m'kabuku, chifukwa nsombazo zikupita m'miphika ya anthu amene sanafunsidwe. Ndinawachonderera kuti adikire dzinja lithe, matumba agulitsidwe. Anandifunsa ngati ndingalole kuti thumba limodzi mwa amenewo lipite kunyumba kwanga, kwa ana anga. Inu nthawi imeneyo munali ang'onoang'ono. Ndinatuluka n'kubwerera ku makina a malungo.

Kudoko, miyezi yotsatira

Dokotala anayesetsa, ndiyenera kuwachitira umboni. Anapita okha kudoko kukafotokozera azimayi zimene zinapezeka m'magazi awo, anatenga odwala kwambiri kukawaonetsa kuchipatala, ndipo anapempha akuluakulu kuti ayambe ndi kuphunzitsa, osati kulanga. Koma lamulo ndi lamulo. Maina sanafunike, doko linali limodzi. Tsiku lina kunabwera galimoto ya akuluakulu oona za umoyo, anayendera tinyumba tosungiramo nsomba, ndipo matumba onse onunkha mankhwala anawatulutsa n'kuwatentha pa mchenga. A achemwali anga ndiwo anali ambiri. Ine sindinapiteko, ndinalibe mtima wake. Anandiuza amene analipo kuti achemwali sanalire, anangoima manja kumbuyo mpaka moto unazima.

Mbiri inafala, ndipo ogula a ku Limbe ndi ku Lilongwe anayamba kulambalala doko lathu, n'kumakagula ku madoko ena kumene mwina ankawaza kuposa. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Achemwali anga anagulitsa malata amene anasonkhanitsa kuti afolerere nyumba. Azimayi amene kale ankawatsatira anasiya kuwaitana ku zinkhoswe. Ine dzina langa linasanduka Namapopa ndithu, ndipo pa sadaka ya amalume athu amuna anandisunthira mphasa koma palibe anandilankhula. Ndinapita kukawapatsa moni achemwali anga kumbali ya azimayi, iwo anatembenukira kwa mnzawo n'kuyamba kukamba za mtengo wa mchere.

Patatha miyezi inayi tinabwerera kudoko kukayezanso, chifukwa Dokotala ankafuna kudziwa ngati magazi amabwerera mwakale munthu akasiya kukhudza mankhwala. Anandibwezera pa ntchito yoyeza, ati popeza ndinaiyamba ndiimalize. Pansi pa mango paja panabwera azimayi owerengeka. Titatsala pang'ono kulongedza, ndinaona achemwali anga akubwera, atafunda mpango wawo wa ku mzikiti. Anandidutsa n'kukatambasula chala kwa Dokotala. Dokotala anawabaya okha n'kundipatsira kachubu. Ndinayang'ana wotchi. Mtundu unasintha pa nthawi yake, chikasu chenicheni. Ndinalephera kudzigwira, ndinanena mokweza m'Chiyao kuti achemwali, magazi anu achira. Iwo anapukuta chala pa chitenje n'kuuza Dokotala kuti, "Muwauze a dokotala anzanuwo kuti ndamva." Ananyamuka n'kumapita.

Kafukufukuyo anatha, Dokotala anabwerera ku sukulu yawo, ndipo patapita nthawi ananditumizira zimene analemba, m'Chingerezi chovuta, dzina langa lili m'timalemba ting'onoting'ono kumapeto. Mapepalawo ali m'sutikesi ya malata ija, mudzawapeza. Musayembekezere kuti muli mayankho onse. Tinaonetsa kuti mankhwalawa amalowa m'thupi la munthu amene sanagwirepo pampu, ndiponso kuti akasiya magazi amabwerera. Koma funso la a Mbewe, loti zaka zambiri za pang'onopang'ono zimasiya chiyani m'mitsempha ndi m'mutu, silinayankhidwe ndi ife. Azakhali anu atakalamba manja awo anayambanso kunjenjemera, ndipo ankaiwala maina. Ndinalembera Dokotala kuwafunsa ngati ndi mankhwala aja. Anayankha kuti n'kutheka, n'kuthekanso kuti ndi ukalamba chabe, ofufuza akadali pa ntchito imeneyo. Ndinakhumudwa ndi yankholo, koma ndinalilemekeza, chifukwa ndinali nditaphunzira mtengo wa kunena chinthu chimene sukuchidziwa kapena kubisa chimene ukuchidziwa.

Pa boma, patatha zaka zitatu

M'zaka zimenezo ndinkamva za achemwali anga kudzera mwa anthu. Ndinamva kuti m'dzinja anasiya kusunga usipa wambiri, amagula wochepa n'kuuwamba pa moto kapena kuuthira mchere, ndipo phindu lake ndi lochepa. Ndinamva kuti anakweza mathandala awo n'kuwafolera ndi pulasitiki. Ndinamvanso kuti wamalonda wina wa timabotolo atafika pakhomo pawo anamuthamangitsa ndi chikuni. Koma kwa ine kunalibe mawu. Pa Idi iliyonse amayi anu ankapita nanu kwa azakhali anu, ine n'kutsala, ndipo tinkakunamizani kuti ndili pa ntchito.

Loweruka lina m'mwezi wa Malichi, mvula itangokata, pakhomo pathu panaima wakabaza ndi kathumba ka shuga komangidwa ndi luzi. Anati wapatsidwa pa siteji ndi mayi wina wa kudoko kuti akapereke kwa Che Imedi a ku labu. Amayi anu anamasula n'kukwinya nkhope. Munali usipa wosaoneka bwino, wina wothyokathyoka, wina wobooka m'mimba, ndipo titaukhuthulira m'lichero tizilombo takuda tinayamba kuthawira m'mbali. Ntchentche zinafika nthawi yomweyo. Amayi anu anati ameneyu ndi munthu wachipongwe, akatayire nkhuku. Wakabaza uja, akutembenuza njinga, anati pali uthenga umene anamuuza kuti asaiwale.

"Akuti muuone bwinobwino. Ngati mukukayika, mukaupime ku labu kwanuko."

Ndinalanda lichero m'manja mwa amayi anu n'kukhala nalo pakhonde. Ndinatola tizilomboto kamodzikamodzi, ndikulira ngati mwana, inu mukundiyang'ana modabwa pazenera. Usipa umenewo tinadya masiku anayi, ndipo sindinalole kuti ngakhale mutu umodzi utayidwe. Lachisanu lotsatira ndinakwera minibasi. Ndinawapeza akutembenuza nsomba pa thandala, akuingitsa ntchentche ndi nthambi ya mango. Ndinapereka salamu ndili chapatali. Sanatembenuke, koma anayankha, kenako anathyola nthambiyo pakati n'kundiponyera theka.

"Waima ngati mlendo bwanji? Ingitsa mbali iyo. Si iwe unazifuna ntchentchezi?"

Tinaingitsa ntchentche mpaka nthawi ya swala ya masana. Za moto uja sitinakambe tsiku limenelo, ndipo sitinakambepo mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Sindikudziwa ngati anandikhululukira zonse, ndipo malata aja nyumba yawo inawadikira zaka zina zisanu ndi ziwiri. Ndiye mukadzandionanso mumsika nditaima pa benchi ya ntchentche, musachite manyazi. Pitani mukagule tomato ndi amayi anu, mundisiye ndisankhe usipa wa azakhali anu.